Makomo Awiri a Sukulu

Sukulu iri yonse, ingakhale yaing'ono ya kumudzi kapena yaikulu ya ku Lusaka, iri ndi makomo awiri. Loyamba ndilo khomo lolowera, limene mwana apitapo atanyamula mabuku. Laciwiri ndilo khomo lotulukira, limene apitapo atanyamula cikalata cace kunka kukafuna podyera. Kwa zaka zambiri ife a m'dziko lino la Zambia takhala tikulimbana ndi khomo loyamba, kuti ana athu akazi alowe monga alowera alongo ao, ndipo nkhondo imeneyo tapambana mbali yaikulu. Koma za khomo laciwiri sitinakambe kwambiri. Ine ndinaphunzitsa atsikana zaka zoposa 30 m'cigawo ca Kum'mawa, ndipo popeza mphunzitsi saiwala ana ace, ndakhala ndikuwatsata ndi maso kufikira kumene anafika. Cimene ndaona ndico cimene ndifuna kukuuzani, inu owerenga: mnyamata ndi mtsikana atuluka pa yunivesite tsiku limodzi, atabvala mikanjo yofanana, koma njira zimene ayenda kuyambira m'mawa mwace ziri zosiyana.

Poyamba tikumbuke kumene tacokera, kuti tingaoneke ngati anthu osayamika. Sukulu yogonera komweko ya atsikana ya ku Mbereshi, imene Mabel Shaw anaiyamba m'caka ca 1915, inali ya mbiri yabwino, koma colinga cace cacikulu cinali kukonza atsikana kuti akasunge bwino mabanja. Anyamata anaona sukulu yao ya sekondale ku Munali m'caka ca 1939. Atsikana anayembekeza kufikira 1946, pamene sukulu ya Chipembi inatsegula makalasi otere. Pa tsiku la ufulu wathu m'caka ca 1964, eni dziko okhala ndi digiri anali ngati 100 okha m'dziko lonse, ndipo akazi mwa iwo anali ocepa ndithu. Cifukwa ca njala imeneyo anthu a m'midzi anasonkha, ena ndalama, ena nkhuku, ena mbuzi, kuti timange yunivesite yathu-yathu, ndipo m'caka ca 1966 Yunivesite ya Zambia inalandira ophunzira ace oyamba 312. Pa masiku a utsikana wanga, mtsikana wokhoza bwino m'kalasi anali kumuonetsa njira zitatu zokha: uphunzitsi, unamwino, ndi kutaipa makalata a akulu mu ofesi. Ine ndinatenga yoyamba ija.

Kuyambira pamenepo zambiri zasintha. M'caka ca 1997 Boma linalamula kuti mtsikana wotenga pathupi abwerere ku sukulu atabereka, pamene kale anali kumcotseratu. Yunivesite ya Zambia inapatula malo 30 mwa malo 100 ali onse kuti akhale a atsikana okha, ndi kusiya otsalawo kuti onse alimbirane. M'caka ca 2022 malipiro a m'sukulu za Boma anacotsedwa kufikira Giredi 12. Ndipo taona akazi atakhala pa mipando imene agogo athu sakadailota. Mai Mutumba Mainga Bull anakhala nduna ya zaumoyo m'caka ca 1973. Mai Florence Mumba anakhala mkazi woyamba kuweruza m'bwalo la High Court m'caka ca 1980. Mai Hellicy Ng'ambi anaikidwa kutsogolera Yunivesite ya Mulungushi m'caka ca 2012. Ndipo m'caka ca 2015 Mai Inonge Wina anakhala waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Mai Ireen Mambilima nakhala mkulu wa oweruza onse. Ena pomva maina amenewa anena kuti nkhani ya akazi inatha, tsopano tikambe zina. Koma wopita pa njira aona mapesi atali-atali a m'mbali mwa munda. Wofuna kudziwa ngati mundawo wabereka ayenera kulowa pakati ndi kusenda cimanga.

Ine ndalowamo, ndipo ndapeza ici. Cikalata ca pa yunivesite cinena cinthu cimodzi cokha, kuti mwini wace anaphunzira nakhoza mayeso. Koma kuti cikalataco cisanduke nsima, pafunika zinthu zina zitatu zimene sizilembedwa pamenepo: munthu womnenera kwa olemba nchito, nthawi yofunira nchitoyo kapena yolerera malonda, ndi cikole cobwerekera mpamba. Zitatu izi sagawa m'kalasi. Zigawidwa kunyumba ndi m'mabwalo a akulu, ndipo ogawawo, kawiri-kawiri osaganiza coipa ciri conse, apatsa mwana wamwamuna mbale yodzala.

Tiyambe ndi womnenera. Tonse tidziwa kuti m'dziko lino nchito zambiri zimveka m'makutu zisanaoneke m'nyuzipepala. Mbiri yace iyenda pamene amuna akhala okha: ku mpira, ku mowa wa madzulo, ngakhale pa maliro, ku mbali imene amuna aothera moto. Mnyamata wa caka comaliza, pofuna malo okazolowera nchito pa mgodi kapena pa famu yaikulu, apita kwa amalume ace amene anagwirako kale, ndipo iwo amtengera kwa kapitao. Mtsikana alibe womtsogolera wotere, cifukwa amai ace ndi akulu ace sanagwireko. Ici sicinadze cokha ai. Pangano la maiko la m'caka ca 1935 linaletsa akazi kugwira nchito pansi pa migodi, ndipo malamulo athu akale ananena comweco. Lero akazi aloledwa kutsika, koma mibadwo ya amuna inali itadzaza kale malo onse, ndipo ali yense aitana mwana wa mlongo wace wamwamuna kuti adzalowe m'malo mwace.

Cotero atsikana ambiri, pomvera uphungu wa akulu, athamangira ku maphunziro a uphunzitsi ndi a unamwino, pamene makalasi a uinjiniya ndi a za migodi adzala anyamata. Si kuno kokha. Bungwe la UNESCO linanena m'caka ca 2024 kuti pa dziko lonse lapansi, mwa anthu 100 ali onse otsiriza maphunziro a sayansi, masamu ndi uinjiniya, akazi ali 35 okha. Tsono wolemba aphunzitsi ndi anamwino wamkulu ndiye Boma, ndipo Boma likakhala zaka osalemba, ana athu akhala zaka osagwira. M'caka ca 2022, pamene Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 nthawi imodzi, ofunsira malowo anapitirira 100,000. Ana anga ambiri anali pa mzere umenewo, ena atasunga zikalata zao m'sutikesi zaka 6.

Pali cinanso cimene cicititsa manyazi kucinena, koma tikacibisa cingonka cikula. Mnyamata akapeza mkulu womnenera, amthokoza ndi mau, kapena amgulira cakumwa. Mtsikana akapeza mkulu wotere ayamba wadzifunsa kuti mtengo wa cifundo cimeneci udzakhala wotani. Ana anga angapo anandiuza, maso ali pansi, kuti anaitanidwa kukakamba za nchito ku nyumba ya alendo dzuwa litalowa, ndipo atakana, maina ao sanatuluke. Wokana abwerera kwao ndi ulemu wace ndi njala yace. Ndipo amene wapeza malo mwa nzeru zace zokha amva anthu akunong'onezana kuti anawapeza mwa njira ina.

Mwana wa mng'ono wanga, amene mwa mwambo wathu ali mwana wanga ndithu, anaphunzira sayansi ya zaulimi zaka 5 nakhoza bwino koposa anyamata ambiri a m'kalasi mwace. Kampani ina yogulitsa mbeu inamuitana kukayesedwa. Iye anapita atakonzeka kuyankha za nthaka, za tizirombo ta m'cimanga ndi za kasungidwe ka mbeu, koma za izi anamfunsa pang'ono pokha. Funso lalikulu linali lakuti, “Kodi muli pa banja, mai? Nanga mukadzakwatiwa, amuna anu adzalola kuti muziyenda pa njinga yamoto m'midzi milungu iwiri osabwera kunyumba?” Anayankha kuti za ukwati zinali zisanafike m'maganizo mwace. Akuluwo anaseka, namthokoza mwaulemu, ndipo malowo anapatsa mnyamata wa m'kalasi lomwelo, amene sanamfunse ngati mkazi wace adzamlola. Sindinena kuti mnyamatayo anali wosayenera. Ndinena kuti ana awiriwo anayesedwa pa miyeso iwiri, wina pa zimene adziwa, wina pa mwana amene sanabadwe.

Malamulo athu pa nkhani iyi si oipa ai. Lamulo la nchito la 2019 lipatsa mkazi wobereka chuthi ca milungu 14, ndi malipiro athunthu ngati wagwira zaka 2. Lipatsanso mkazi ali yense tsiku limodzi lopuma pa mwezi, limene tonse tilicha Mother's Day, pamene bambo wa mwana apatsidwa masiku 5. Liletsa kucotsa mkazi nchito cifukwa ca pathupi. Koma popeza malipiro a chuthi cimeneci atuluka m'thumba la wolemba nchito yekha, iye awerengera mumtima mwace pa tsiku losankha, ndipo lamulo silingathe kulowa mumtima kukaona masamuwo. Mai Claudia Goldin a ku America, amene analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 2023, anafufuza mbiri ya nchito za akazi a kwao ya zaka 200, napeza kuti masiku ano mwamuna ndi mkazi ophunzira mofanana ayamba ndi malipiro oyandikana, ndipo mpata waukulu utseguka pamene mwana woyamba abadwa. Kwathu kuno ndiona kuti mpatawo utseguka mwana asanabadwe, pakuti olemba nchito amuopa akali kutali.

Caciwiri ndico nthawi. Taonani nyumba m'mene muli ana awiri otsiriza maphunziro, onse osapeza nchito. Mnyamata auka, asamba madzi amene wina watunga, abvala malaya amene wina wasita, natenga envulopu yace kunka ku tauni. Kumeneko aona anzace, amva za malo otseguka, atumiza makalata pa intaneti, nabwera madzulo kudzadya. Palibe womdzudzula, pakuti ali kufuna nchito. Mlongo wace nayenso ali kufuna nchito, koma ayamba wasesa, waphika, wasambitsa ana a mkulu wace. Agogo akagonekedwa m'cipatala, a pabanja akhala pansi nati, “Apite uyu, pakuti sali pa nchito,” ndipo agona pansi pa bedi la wodwala mwezi wathunthu. Pa maliro aphika masiku atatu. Tsiku lomaliza lolandira makalata ofunsira nchito lipita iye ali pa moto. Bungwe la ILO, loyang'anira za nchito m'maiko onse, linawerenga m'caka ca 2018 kuti mwa maora 4 ali onse a nchito zosalipidwa za panyumba ndi za kusamala anthu, oposa 3 agwira ndi akazi. Ife sitisowa buku kuti titsimikize zimenezi. Tingoyang'ana amene wakhala pa mafuwa.

Ngakhale amene wapeza nchito sanapulumuke. Malipiro a mwana wamkazi, monga ndaonera ine, ali ngati citsime ca pakati pa mudzi: yunifomu ya mng'ono, mankhwala a amai, feteleza wa atate, zonse zitungidwa pamenepo. Mwana wamwamuna timlekerera ndi mau akuti ali kukonzekera kukwatira. Cifundo ca ana akazi ncabwino, ndipo mabanja ambiri aimirira pa ico. Koma tidziwe kuti ndalama yotha pa mwezi siikhala mpamba. Pofika zaka 30 mnyamata ali ndi kapuloti ndi kagalimoto, mtsikana ali ndi madalitso a abale.

Cacitatu, cimene ndifuna kukhalapo pang'ono, ndico cikole. Masiku ano atsogoleri auza ana otsiriza maphunziro kuti asayembekeze kulembedwa, koma ayambe malonda ao-ao. Uphunguwo ngwabwino, pakuti maofesi sangakwane onse. Koma malonda afuna mpamba, mpamba woculuka uli ku banki, ndipo banki ifunsa funso limodzi: mukalephera kubweza tidzagwira ciani? Yankho limene banki ikonda koposa ndilo pepala la malo kapena la nyumba.

Apa ife Acewa ndi Ansenga tiri ndi cozizwitsa. Mwa mwambo wathu mkazi ndiye tsinde la mbumba. Mwana ali wa kucikazi, mkamwini adza kudzalima munda wa kwa mkazi wace, ndipo munda upita kwa ana kudzera mwa amai ao. Munthu angayese kuti mtsikana wa kwathu ndiye wolemera cikole koposa onse. Koma malo a kumudzi ali m'manja mwa mafumu, alibe pepala, ndipo banki siiwalandira. Lamulo la malo la 1995 lilola munthu kusandutsa malo otere akhale a pepala la zaka 99, atalandira cilolezo ca mfumu ndi ca khonsolo, ndi kupereka nkhani yace kwa mkulu wa za malo ku Lusaka. Ulendowo ngwautali, ufuna ndalama za wopima malo ndi masiku ambiri a m'maofesi. Nanga auyenda ndani? Auyenda ndi amalume, kapena mlongo wamwamuna, popeza iwo ndiwo ankhoswe olankhulira mbumba pa bwalo. Ndipo pobwera, dzina lolembedwa pa pepala liri lao. Motero munda umene unali wa akazi m'mau a pakamwa usanduka wa amuna m'mau olembedwa. Kwa anansi athu Angoni, kumene cuma citsata kucimuna, kawiri-kawiri mwana wamkazi sayembekezera ngakhale mau a pakamwawo. Lamulo la cuma ca masiye la 1989 lipatsa ana theka la cuma ca kholo lomwalira osasiya wilo, ndipo silisiyanitsa wamwamuna ndi wamkazi, koma lamulolo silikhudza malo a kumudzi.

Mwana wanga uja, ataona kuti zaka ziwiri zapita, anaganiza zoyenga mafuta a mpendadzuwa, mbeu imene cigawo cathu cilima yambiri. Analemba zonse mwadongosolo: mtengo wa makina, matumba ofunika pa mwezi, mafuta otuluka m'thumba limodzi, ndi phindu la zotsalira zimene oweta nkhuku ndi nkhumba agula. Mkulu wa ku banki anayamikira zolembazo nafunsa cikole. Atate ace anali ndi nyumba ya pepala m'tauni, koma pepalalo anali atapereka kale kwa mwana wao wamwamuna kuti abwerekere ndalama za minibasi. Pofunsidwa anati, “Uyu ngwa eni ace, tsiku lina adzakwatiwa, ndipo cuma cidzanka kwina.” Mau amenewa ngacilendo pakati pa ife, amene tidziwa kuti mwana wamkazi sacoka m'mbumba. Tinawatola m'tauni, ndipo tsopano tisunga mwambo wa kumudzi kapena wa m'tauni monga watikomera tsiku limenelo.

Cotero akazi ayamba ndi kampamba kakang'ono, ndipo kampamba kakang'ono kakwanira malonda amene onse acita kale: salaula, saluni, makeke a pa ukwati, nkhuku zocepa kuseri kwa nyumba. Pamenepo ogulitsa aculuka koposa ogula. Bungwe la World Bank linanena m'caka ca 2019 kuti mu Afirika wa kumwera kwa cipululu ca Sahara phindu la malonda a akazi licepa ndi magawo 34 mwa 100 poyerekeza ndi la amuna. Zothandiza ziripo. Lamulo la 2016 lilola kuti katundu wosunthika, monga makina, galimoto kapena ziweto, akhale cikole. Bungwe la CEEC linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006 kuti libwereketse mpamba kwa eni dziko. M'caka ca 2022 ndalama za citukuko za CDF zinakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse la phungu, ndipo gawo lina linapatulidwa kuthandiza magulu a akazi ndi a acinyamata. Koma ana anga ambiri anatuluka m'makoleji ao osadziwa njira zoterezi, osadziwa ngakhale kalembetsedwe ka dzina la malonda ku PACRA.

Pali msampha wina umene tichera tokha, ndiwo manyazi. Ambiri a ife tinaphunzira ndi ndalama za malonda a amai athu; amai anga anandilipirira sukulu ndi nshawa ndi thobwa la pa msika. Lero lomwe, pa msika wa Soweto ku Lusaka kapena pa malire a Mwami, mudzapeza akazi odziwa kuwerengera phindu m'mutu msanga koposa kalaliki. Koma mwana wao akabwera ndi digiri nafuna kulowa m'malonda omwewo ndi nzeru zatsopano, timseka. Mwana wanga anamva mau akuti, “Sukulu yonse ija kudzathera pa sikelo ya mpendadzuwa?” Iye anatseka makutu, nalowa cilimba ca akazi 12 a pa msika, ambiri a iwo osafika Giredi 7. Ali yense anali kuponya ndalama mlungu uli wonse, ndipo zonse anali kutenga mmodzi pa nthawi yace. Ndi gawo lace anagula mpendadzuwa pa nyengo yokolola pamene mtengo uli pansi, nakayengetsa pa makina a eni, nagulitsa mafuta m'mabotolo. Maphunziro ace anamthandiza kudziwa mbeu youma bwino ndi mtundu wotulutsa mafuta ambiri, ndipo anaphunzitsa alimi omgulitsa kabzalidwe koyenera. Pa caka cacinai anagula makina ace-ace, ndipo tsopano alipira anthu atatu. Akazi osaphunzira aja ndiwo anamkhulupirira pamene ophunzira anamkana. Ndikondwera naye, koma ndiwerenga zaka 6 kucokera pa tsiku la mkanjo, pamene mlongo wace anayamba m'miyezi yocepa. Ndipo pa mmodzi wopirira wotere ndidziwa ambiri amene anatopera panjira.

Kuti mkazi angathe malonda akulu, umboni ulipo. Mai Monica Musonda, loya amene anagwira nchito m'maiko akunja ndi ku kampani ya Dangote ku Nigeria, anabwera kwao nayamba kampani ya Java Foods m'caka ca 2012, yopanga zakudya za m'mapaketi. Mai Sylvia Banda anatenga mfutso, umene agogo athu anali kuyanika pa mphasa, nausandutsa malonda a Sylva Food Solutions, ogula ndiwo kwa alimi a m'midzi. Koma maina awa asakhale cikwapu cokwapulira ana athu, kunena kuti, “Anzanu anatha, inu mulekeranji?” Funso loyenera ndi lakuti, akadakhala angati otere khomolo likadakhala lotseguka?

Ndidziwa kuti ena mwa inu muli ndi mau otsutsa. Wina adzati, “Kodi anyamata onse ali pa nchito?” Iai, ndipo ndiwamvera cisoni, pakuti ulova wagwira onse. Koma pamene awiri ali kuoloka mtsinje wodzala, wina cimanja-manja, wina atasenza mtolo ndi mwana kumbuyo, sitinena kuti popeza madzi ali amodzi palibe wofuna thandizo. Wina adzakumbutsa mwambi wakuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Ine ndinaona ndi maso anga, m'zaka zimene nthenda ya nkhupakupa inatha ng'ombe zamphongo m'midzi ya kwathu, anthu atamanga zazikazi m'goli. Zinalima, ndipo tinadya. Wina adzati mkazi wa ndalama sapatsa mwamuna ulemu. Ine ndiyankha kuti ulemu wosungidwa ndi njala ya mkazi dzina lace lenileni ndi mantha.

Tikumbukenso kuti ngongole ya maphunziro, imene Boma libwereketsa ophunzira mwa lamulo la 2016, iyenera kubwezedwa ndi mtsikana monga ndi mnyamata. Ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni m'dziko lino, oposa theka a iwo ali akazi. Dziko lophunzitsa ana ace akazi ndi cuma cambiri, kenaka ndi kuwasiya pakhomo, lifanana ndi mlimi wothira feteleza munda wonse nakolola theka lace lokha.

Nanga ticite ciani? Mayunivesite ndi makoleji asayese kuti nchito yao itha pa tsiku la mikanjo. Iwo eni afunire ophunzira malo ozolowera nchito, kuti mwana wopanda amalume pa mgodi asatsale. Ndipo m'caka comaliza aphunzitse onse, a sayansi ndi a uphunzitsi omwe, kulemba mabuku a ndalama, kulembetsa malonda ndi kupempha ngongole. Awerengenso caka ndi caka kuti mwa ana ao otuluka apeza nchito ndi angati, amuna padera, akazi padera, pakuti bala losaoneka palibe alimanga. Olemba nchito afunse za nchito. Boma liganize zakuti malipiro a chuthi ca ubereki atuluke m'thumba limene onse aponyamo, monga ticitira ndi penshoni, kuti wolemba asaope mkazi. Ndipo akazi amene anakwera kale akhale amalume a ana a anzao, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma zonsezi ziri kutali ndi dzanja la ambiri a ife. Zapafupi ndi izi. Inu amai, mwana wanu wamkazi akanena kuti mawa ali ndi kalata yofunsira nchito yoti alembe, mpatseni mlongo wace ndowa akatunge madzi. Dzanja lace silidzathyoka. Wodwala akagona m'cipatala, ana onse asinthane pomdikira. Inu atate, pepala la nyumba likhale cikole ca mwana amene wabwera ndi maganizo olongosoka, angakhale wamwamuna kapena wamkazi. Inu amalume, ankhoswe a mbumba, pamene mupita kwa mfumu ndi ku khonsolo kukalembetsa munda wa amai anu, tengani mwana wamkazi wa mlongo wanu, wophunzira uja, ayende nanu, ndipo maina a eni ace eni-eni alembedwe. Makolo athu anakuikani kuti mukhale alonda a mbumba, ndipo mlonda satenga nkhokwe imene aisunga.

Anthu a m'midzi amene anapereka nkhuku ndi mbuzi kuti yunivesite imangidwe anafuna, ndikhulupirira, kuti dziko likhale ndi anthu odziwa, ndi kuti nzeruzo zibwerere kudzagwira nchito pakati pao. Mphatso yao tidzaibweza mokwanira pamene mwana wamkazi adzatuluka pa khomo laciwiri ali ndi womnenera, ndi nthawi, ndi cikole, monga mlongo wace. Zitatuzi ziri m'nyumba mwanu ndi mwanga. Tiyeni tiyambe kuzigawa bwino caka cino.